Pepala likung'ambika, lachita chuku, kasitomala wasowa: poyambira kufufuza pa bizinesi ya mapepala opanga pamanja

Ndimapanga makadi, maenivelopu ndi mikanda kuchokera ku mapepala otayidwa kuno ku Kasungu, ndipo pafupifupi zonse ndimagulitsa pa WhatsApp ndi Facebook. Mvula ikangoyamba mu Novembala kapena Disembala foni yanga siipuma, anzanga omwe ndinawaphunzitsa ntchitoyi, ena ku Santhe ena ku Nkhamenya mpaka ku Kamwendo uko, onse mafunso ake amodzimodzi, pepala lang'ambika, pepala likununkha, munthu wanditumizira uthenga wa ndalama koma ndalama sizikuoneka. Nde ndati ndilembe kamodzi zonse.

Pa vuto lililonse ndayamba ndi chomwe chimachitika kwambiri nkumatsika. Yambani ndi nambala 1, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha nkuyesanso, mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chomwe chathandiza. Muona kuti zambiri zikubwerera pa madzi omwe atsalira mpepala chifukwa munthu anavomera oda ya masiku ochepa.

## Pepala likung'ambika kapena kukakamira pa neti

1. Mwafulumira kutembenuza felemu, kathabwa kokhomedwa neti komwe timavuulira phala la mapepala. Mukaikweza m'beseni dikirani mpaka madzi asiye kuchucha ayambe kudontha limodzilimodzi. Mukatembenuzira pansalu, psinjani kumbuyo kwa neti ndi siponji, finyani, psinjaninso mpaka siponji isiye kumwa madzi, kenako kwezani felemu kuyambira mbali imodzi osati yonse nthawi imodzi.
2. Phala, mapepala oviika ndi kusinja aja, lachepa m'beseni. Pepala lililonse lomwe mwavuula latenga phala, nde lachisanu limakhala lopyapyala kuposa loyamba. Kwezani felemu moyang'ana kuwala, ngati mukuona mawanga a neti ndiye kuti lachepa. Ine ndimaonjezera dzanja limodzi pakatha mapepala awiri kapena atatu.
3. Nsalu yolandirira ndi youma. Pepala lonyowa limagwira pa nsalu yachinyezi. Inyowetseni nkuifinya.
4. Ulusi wa pepala wafupika. Nyuzipepala ndi yofooka kale, komanso pepala likamabwezedwa mobwerezabwereza ulusi wake umaduka. Sakanizani ndi mapepala oyera a mu ofesi kapena makope akale.
5. Neti yakhwefuka, yalendewera pakati. Ikhomeninso ikhale yokungika ngati chikumba cha ng'oma.

Pa neti pomwepa ndinenepo, chonde musadule neti yogonamo. Ija ndi yoteteza ana ku malungo ndipo ili ndi mankhwala. Gulani ya pawindo ya pulasitiki ku hadiweya, mita imodzi imakwana mafelemu angapo.

Ngati mukufuna pepala lolimba zedi, loti munthu apinde khadi osasweka pa mpindiro, onjezerani ulusi wa thunthu la nthochi kapena makoko a chimanga. Koma zimenezi sizilowa zaziwisi. Ziduleni tizidutswa, muziphike maola awiri kapena atatu m'madzi a chidulo, chomwechi cha phulusa timaphikira thelele, mpaka zikamafinyidwa ndi zala zizilekana, kenako tsukani kangapo ndi kusinja mu mtondo. Mtondo ukhale wa ntchitoyi basi.

Pena anthu amandifunsa za pepala la ndowe za njovu poti tili pafupi ndi paki. Limatheka inde chifukwa ndowezo zimadzadza ndi ulusi wa udzu, masamba ndi makungwa, koma musayerekeze kulowa mu Kasungu National Park kukatola popanda chilolezo. Ndi mlandu, komanso chiwabweretsereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022 anthu a m'mbali mwa pakiyo akudziwa okha kuopsa kwake.

Lekani apa: soda wa kositiki amafewetsa ulusi msanga koma amaotcha khungu ndi kupha maso, ndipo amadya poto wa aluminiyamu. Ngati simunaphunzitsidwe ndi munthu wodziwa, khalani pa chidulo. Akakugwerani m'maso tsukani ndi madzi ambiri osalekeza kwa mphindi zosachepera 20 nkuthamangira kuchipatala.

## Pepala lili ndi mibulu kapena timabowo

Kuyesa kwake nkosavuta. Tapani supuni imodzi ya phala, thirani m'botolo loonekera mkati lodzadza madzi, khutchumulani nkuyang'ana pa dzuwa. Likhale ngati mtambo. Mukaona tizidutswa tikuyandama, phala silinapse.

1. Simunaviike mokwanira. Ng'ambani tizidutswa tating'ono, viikani usiku wonse, katoni masiku awiri.
2. Simunavundule musanavuule. Phala limadikha pansi mwachangu, vundulani ndi dzanja nthawi iliyonse.
3. Madontho ochokera m'manja mwanu kapena pa felemu yapamwamba, yopanda neti ija, akugwera pa pepala poichotsa. Awa ndi amene amasiya timabowo tozungulira bwino. Ichotseni chammbali.
4. Selotepu, masitepulo, pulasitiki ya pa maenivelopu a mabilu. Sankhani musanaviike.

## Lauma koma lapindika, lakhwinyata

1. Mwayanika pa dzuwa. M'mbali mumauma msanga pakati padakali madzi, nde limakokana. Ife a ku Kasungu izi tizimve msanga, fodya wa bale sitiyanika pa dzuwa, amauma pang'onopang'ono m'chigafa momwe muli mthunzi ndi mphepo. Pepala nalo limafuna chimodzimodzi. Ngati pakhomo pali chigafa chomwe chili chabe nthawi imeneyo, mangani zingwe momwemo, bola chisakhale chodontha komanso fungo la fodya litatha.
2. Simunapsinje. Sanjikizani pepala, nsalu, pepala, nsalu, ikani pakati pa matabwa awiri osalala, pamwamba chigubu cha malita 20 chodzadza madzi. Chimenecho ndi makilo 20 ndipo chimakwana. Chikhale usiku wonse.
3. Mwalichotsa pansalu lisanaumitsitse.
4. Mbali ina ndi yochindikala chifukwa munakweza felemu mopendekeka.

Lopindika kale silotaya. Wazani timadzi pang'ono kwambiri, phimbani ndi nsalu yoyera, sitani ndi simbi yosatentha kwambiri, nkulipsinjanso mpaka mawa. Simbi ya makala samalani nayo phulusa, kadontho kamodzi pa khadi la ukwati ndiye kuti latha.

## Likununkha, latuluka timadontho takuda kapena tobiriwira

Ili ndiye vuto lomwe lagwetsa anthu ambiri omwe ndimawadziwa, ndipo nane linandipweteka. Chaka china mu Januwale ndinavomera makadi 150 a chinkhoswe kwa masiku asanu okha, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Ndinawagwira ndi manja ndikumva ngati auma, ndinawaika m'mapulasitiki awo nkutumiza ku Lilongwe. Atafika mayi aja anangonditumizira chithunzi, makadi onse madontho. Ndinabweza ndalama yonse ndipo mpaka lero zimandiwawa ndikaganiza kuti anasowa chopatsa abale awo pa tsiku lawo.

1. Mwapakira lisanaume. Manja amanama. Gundani pepala pa tsaya, likazizira ndiye kuti muli madzi. Njira ina, tsekerani limodzi m'pulasitiki muike pa dzuwa ola limodzi, mkati mukachita thukuta musapakire. Nyengo ya mvula onjezerani masiku awiri kapena atatu pa omwe mumayanika mu Seputembala.
2. Phala lakhalitsa mu ndowa. Kukatentha limayamba kusasa pa masiku awiri kapena atatu, likakhala ndi sitachi limafulumira kuposa apo. Lotsala lisefeni, finyani timipira, yanikani pa dzuwa mpaka tiume gwa. Timipira timeneti timasungika miyezi, mukafuna mungoviikanso.
3. Nsalu zopsinjira simukuzichapa. Chuku chimakhala mmenemo nkumapatsira pepala lililonse latsopano. Chapani, yanikani pa dzuwa lenileni, ndipo mukhale ndi magulu awiri osinthanitsa.
4. Malo osungira. Katoni ikakhala pansi pa simenti kapena yotsamira khoma lomwe limanyowa imakoka chinyontho. Ikwezeni pa shelefu, italikirane ndi khoma. Apa mupewanso chiswe, chomwe chimatha kumaliza katoni yonse inu osadziwa.
5. Maluwa ndi masamba okongoletsera munaika aawisi. Aumitseni kaye pakati pa mabuku masabata awiri.

Lomwe lachita chuku musaliphwanyenso kuti mupange lina, mungofalitsa. Tayani, tsukani beseni ndi felemu. Ngati mukutsuka ndi jiki musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena aliwonse, mpweya wake ndi poizoni.

Lekani apa: mukayamba kutsokomola, kubanika kapena kuyabwa maso nthawi zonse mukalowa mchipindamo, makamaka ngati inu kapena mwana ali ndi mphumu, siyani ntchito mukaonane ndi adokotala. Khoma likamanyowa chaka ndi chaka, itanani mmisiri aone denga ndi maziko, palibe njira yoyanikira yomwe ingathetse zimenezo.

## Inki ikufalikira munthu akalemba

1. Simunaike sitachi. Pepala lopanda kanthu limamwa inki ngati thonje. Ine ndimagwiritsa ntchito chinangwa, ndimachipala, kuchikhuta pa chokhutira, kufinyira m'madzi nkusiya adikhe, zoyera zomwe zimakhala pansi ndiye sitachi. Masupuni awiri m'kapu ya madzi ozizira, kuthira m'madzi owira ndikuvundula mpaka aoneke ngati mandala, kenako m'beseni. Sitachi yosaphika imangodikha pansi osagwira ntchito.
2. Mwaika koma yochepa. Pakani ina pamwamba pa pepala louma ndi bulashi yofewa, nkupsinjanso.
3. Cholembera. Bolopeni imalemba bwino pafupifupi paliponse, maka ndi zolembera za inki yamadzi ndi zomwe zimavuta. Muwauziretu makasitomala.

Dziwani kuti sitachi ikachuluka mwaitana mphemvu, njenjete ndi makoswe. Sungani m'bokosi lotseka.

Lekani apa: musakakamize pepala lochindikala mu pulinta ya eni ake. Limasiya ubweya mkati ndipo limatha kukakamira. Pitani ndi limodzi kwa osindikiza ayese okha. Akakana, sindikizani mawu pa pepala wamba nkumata mkati mwa khadi, zimaonekabe bwino.

## Mtundu watuwa kapena pali madontho ofiirira

1. Nyuzipepala yachuluka. Inki yake imatuwitsa zonse, komanso imasanduka yachikasu ikakhalitsa pa kuwala. Sankhani mapepala m'magulu, oyera pawokha.
2. Madzi. Nthawi ya mvula a pachitsime amakhala ndi dothi, ndipo mijigo ina madzi ake ali ndi dzimbiri. Tungani lero, adikhe, mugwiritse ntchito mawa, kapena kingani a mvula.
3. Dzimbiri la neti yachitsulo, misomali ya felemu kapena masitepulo.
4. Chitenje chomwe mukupsinjira chikusuluka. Nsalu ikhale yoyera ya thonje.
5. Malisiti a m'mashopu ndi a pa ATM, osalala aja. Amada akamva kutentha, nde mukasita mumangoona madontho, komanso apakidwa mankhwala osayenera kumawafinya ndi manja tsiku lonse. Musawaike nkomwe.

## Mikanda ikumata kapena yakanirira pa kamtengo

Kawirikawiri ndi vanishi wopakidwa mochindikala, kapena mwapaka wachiwiri woyamba asanaume. Pakani wopyapyala katatu, kulekanitsa tsiku. Ikakanirira pa kamtengo komwe mumapiringizirapo pepala ndiye kuti guluu analowa pa bowo, yambani kupaka guluu mutapiringiza kale kawiri. Ikachita mbuu ngati mkaka, munapaka kunja kuli chinyezi. Vanishi pakirani panja, kutali ndi mbaula.

## Bulenda ikutentha, ikununkha kupsa

1. Phala lauma kwambiri. Madzi akhale ambiri, mapepala dzanja limodzi lokha.
2. Mukuiyendetsa osapumitsa. Masekondi 20 kapena 30 nkuima.
3. Munaika katoni kapena ulusi wa nthochi womwe wakulunga mipeni.

Lekani apa: utsi, kuthetheka pa soketi, kapena kukugwirani shoko ngakhale pang'ono. Zulani pa khoma ndi manja ouma, pitani nayo kwa wokonza zamagetsi. Ntchito yathu ndi ya madzi pansi ponse, ekisitenshoni isagone pansi. Mtondo ndi munsi zimagwira ntchito yomweyo, zimangotenga nthawi, ndipo magetsi akazima ntchito siima.

## Anthu akufunsa mtengo nkusowa

1. Simunalembe mtengo. Zija zoti bwerani ku inibokosi zimathawitsa anthu, amaganiza kuti aliyense mukumutchulira wake. Lembani pa chithunzi pomwepo mtengo wa limodzi, wa 50 ndi wa 100.
2. Chithunzi. Jambulani m'mawa pakhonde pamthunzi, pa nsalu yoyera, opanda fulashi ndi zosefera mitundu zija. Chimodzi chikhale chapafupi choonetsa ulusi wa pepala, chifukwa ndi chomwe munthu akulipira, china khadi lili m'dzanja aone kukula kwake.
3. Sakudziwa kuti katundu afika bwanji. Ogula ambiri ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, akamva kuti Kasungu amayamba kukayika. Lembani poyera kuti mumatumiza masiku ati, pa mtengo wanji.
4. Mukuyankha mochedwa poti data yatha. Pa WhatsApp Business pali katalogu ndi uthenga woyankha wokha, zikonzeni.
5. Mukuonetsa anthu olakwika. Pa status amaona ndi abale okhaokha. Fufuzani okongoletsa maukwati, ophika makeke, amakomiti a ukwati ndi eni malo ogona alendo, amenewo akakonda amabweranso.

Wina akadandaula kuti mtundu sukufanana ndi wa pa chithunzi, nthawi zambiri ndi chifukwa munajambula pepala lonyowa, limaoneka lowala kuposa likauma. Pa oda yaikulu pangani phala lonse nthawi imodzi, la tsiku lina silifanana ndendende.

## Uthenga wa ndalama wabwera koma ndalama palibe

1. Uthenga ndi wabodza. Onani komwe wachokera, ukachokera pa nambala ya munthu wamba si weniweni. Chinthu chodalirika ndi kuona balansi nokha pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki. Sikirinishoti si ndalama.
2. Akuti atumiza zambiri molakwitsa, mubweze zapamwamba. Musabweze kanthu. Auzeni aimbire kampani ya foni ikonze yokha.
3. Analakwitsadi nambala. Zimachitika, afunseni nambala ya thiranzakishoni akadandaule nayo kwa eni netiweki.
4. Netiweki yachedwetsa. Dikirani, katundu akhale kaye.

Lamulo langa ndi theka la ndalama ndisanaviike pepala olo limodzi, yotsala ndisanatumize. Makadi olembedwa maina a akwati simungagulitse kwa wina. Izi ndimachita ngakhale kwa a mpingo wathu ndipo ndimawafotokozera mwaulemu chifukwa chake.

Lekani apa: wina akafunsa PIN yanu, kapena nambala 6 zomwe WhatsApp yakutumizirani pa SMS, dulani foni. Akatenga nambala zimenezo watenga WhatsApp yanu ndipo ayamba kupempha ndalama makasitomala anu m'dzina lanu. Tsegulani two-step verification, PIN yoonjezera yotetezera WhatsApp yanu, lero lomwe. Ngati mwaberedwa kale, imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, sungani mauthenga onse, kanenani ku polisi, ndipo dziwitsani makasitomala kudzera pa nambala ina.

## Katundu wafika wonyowa kapena wophwanyika

1. Kapakidwe. Makadi ouma bwino muwaike m'pulasitiki yochindikala, pakati pa zidutswa ziwiri za katoni zokulirapo kuposa khadi, kenako m'bokosi lodzadza bwino loti zisagwedere, selotepu m'makona monse.
2. Mwapatsira kondakitala. Ndi zotchipa inde, koma kabokosi kanu kakhala pansi pa mpando, pamwamba thumba la mtedza, ndipo kakasowa mulibe pogwira. Pa oda yaikulu pitani kwa otumiza katundu omwe amapereka lisiti.
3. Panjira yopita ku depoti. Pa kabaza mvula ikukupezani mphindi zisanu zokha zimakwana. Kutani bokosi ndi pulasitiki musananyamuke.
4. Wolandira wachedwa kukatenga.

Jambulani katundu musanatseke bokosi ndi mutatseka, tumizani zithunzizo kwa mwini wake pamodzi ndi lisiti.

## Oda zikubwera koma ndalama sizikuoneka

Ambiri amawerengera kuti poti mapepala ndi otola ndiye kuti zonse ndi phindu. Lembani m'kope guluu, riboni, vanishi, maenivelopu, kusindikiza, data, maunitsi a magetsi, kabaza, ndalama yomwe amadula mukamatapa kwa ejenti, makadi omwe amaonongeka, ndi maola anu. Chomwe chimaiwalika kwambiri ndi maolawo. Chachiwiri ndi mtengo wakale, kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 guluu ndi vanishi zinakwera nthawi yomweyo koma anzanga ena anakhala miyezi akugulitsabe pa mtengo wa kale poopa kuthawitsa anthu. Onaninso mitengo yanu nthawi iliyonse mukagula zipangizo. Chachitatu, ndalama ya bizinesi ikukhala pa nambala imodzi ndi ya ndiwo, pezani simu ina.

Bungwe kapena hotela ikafuna invoisi ndi TPIN, nambala ya msonkho, musabwereke ya munthu wina. Pitani ku MRA mukafunse, kapena kwa wodziwa za maakaunti akuthandizeni kulembetsa.

## Tsiku lafika makadi sanaume

Ichi chili ndi gwero limodzi, munavomera masiku ochepa. Werengani nokha, kuviika tsiku limodzi, kuvuula ndi kupsinja tsiku lina, kuyanika awiri kapena atatu, mvula ikamagwa asanu kapena kuposa, kudula ndi kukongoletsa awiri, ulendo limodzi kapena awiri. Ine kuyambira Meyi mpaka Okutobala ndimanena masiku 10, kuyambira Disembala mpaka Malichi masabata atatu, wofuna mofulumira kuposa apo ndimamuonetsa mitundu yomwe ndili nayo kale m'bokosi. Mapepala osalemba ndimapangiratu ambiri mu Ogasiti ndi Seputembala kunja kuli gwa, oti akwane Tsiku la Amayi pa 15 Okutobala, Khirisimasi ndi zinkhoswe za m'dzinja.

Ngati mwachedwa kale, imbani foni lero osati mawa, auzeni zoona, tumizani omwe auma ayambe kugawira akutali, otsalawo atsatire pa ulendo wina inu mulipire thiransipoti yake.